Zala Ziwiri Zoperewera

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene Mayi anadula diresi langa lachikasu. M'mawa wa tsikulo anali atapita kuseri kwa nyumba kukathyola nandolo, ndipo ine ndinakhala pampando wawo pakhonde, kutsogolo kwa mundiyo, kabokosi kaja ka mpukutu kamene akazi akwathu ku Moca amalukirapo lesi, nsalu ya timabowo yokongoletsera zovala. Timitengo ta ulusi tinali lende, makumi anayi, kalikonse pamalo pake monga anatisiyira. Ndinkangofuna kumva kulira kwake. Ndinatiponya uku ndi uku monga ndinkawaonera akuchita, ndipo pamene ankabwera ndi nandolo m'mbale, ulusi wonse unali utapiringizana ngati chisa cha mbalame.

Sanandimenye. Anakhala pansi n'kumasula mpaka dzuwa linafika pamutu. Titadya ndinawaona atulutsa diresi langa lija la timatumba tiwiri, aliyala pathebulo, alilowetsa sizasi. Linali litayamba kundithina m'khwapa, komabe ndinkalikonda kuposa chovala china chilichonse. Ndinaima pakhomo osalira. Mumtima ndinangoti chilango changa ndi chimenechi. Kuyambira tsiku limenelo sindinakhudzenso mundiyo m'nyumba ya Mayi.

Amene anaphunzira kuluka ndi mkulu wanga Eneida. Iye anatsala pakhomo, nakwatiwa ndi kalipentala Efraín. Ine ndinachoka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kupita kutsidya la nyanja, ku Holyoke, kumene ndakalambira ndikuphikira ana a sukulu. Mayi atamwalira mu 1988 ndinapita kumaliro, ndipo titaika ndinapempha Eneida kuti andipatseko kamtengo kamodzi kokha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndikachita nako chiyani. Mwina linali funso chabe, koma ine linandilasa, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinatha ndisanapondenso kwathu.

Pa telefoni Eneida amangoti tili bwino n'kupatsira mwamuna wake, choncho nkhani zathu zenizeni zinkayenda pa kalata. Makalata awo ndinasunga. Anga anandibwezera Efraín pambuyo pake, atawamanga ndi ulusi wa thonje.

Holyoke, 6 Febuluwale 1994

Achemwali anga Eneida,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Bondo lawo lija likuwalola kukwera kumunda? Kuno kwazizira mpaka mawindo aundana, koma m'nyumba muli chimwemwe. Mwana wanga Yadira wachira pa 19 Januwale, mwana wamkazi. Amutcha Herminia, dzina la Mayi. Chipumi ndi chawo chomwe chija.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani, ndipo musandiseke. Patha zaka ziwiri ndikuphunzira kuluka lesi. Timakumana Lachiwiri lililonse m'chipinda cha ku laibulale, akazi asanu ndi awiri. Amatiphunzitsa ndi Mayi Ashworth, amene luso lawo linachokera kwa agogo awo a ku Mangalande. Iwo amalukira pa pilo yozungulira yafulati, timitengo tawo tili ndi mikanda kunsi kuti tisagubuduke, ndipo ulusi wawo ndi wouma, wa bafuta. Nditawauza kuti kwathu timalukira pa mpukutu ndi ulusi wa thonje, anandithandiza kuitanitsa mundiyo wanga kudzera m'buku la malonda. Sufanana ndi umene Bambo anakhomera Mayi, koma ukugwira ntchito. Ndaluka kale m'mphepete mwa timipango titatu. Koyambako ndinakabisa.

Ubatizo wa mwanayu uli kumapeto kwa Juni. Mukudziwa kuti mdzukulu aliyense wa Mayi anabatizidwa atavala lesi ya maluwa a khofi, aliyense yakeyake: ana anu atatu ndi Yadira. Herminia ndiye woyamba kubadwa iwo kulibe. Sindikufuna kuti akalowe m'tchalitchi ndi lesi ya m'sitolo. Ndikufuna ndimulukire ndekha, ngakhale manja anga ndi aulesi.

Sindikupempha patani yeniyeni ya Mayi. Mungondiboolerako ina pa katoni yatsopano. Mundiuzenso za pakhomo, ngati mtengo wa malalanje uja ukadaberekabe.

Mng'ono wanu,
Nilsa

Moca, 1 Malichi 1994

NILSA,
Tili bwino. Mwana akule.
Patani ndi iyi.
Ulusi ukhale wa thonje.
Eneida

Kalatayi inabwera m'chitini chachitali cha ufa wa phala. M'kati munali patani itakulungidwa bwino, katoni yakale yofiirira yokhala ndi timabowo zikwizikwi. Ndinainunkhiza kaye ndisanaitambasule. Koma kalatayo ndinaiwerenga katatu, n'kuwerenganso mizere yake. Inali isanu, ya zilembo zikuluzikulu ngati munthu akukalipa.

Holyoke, 14 Malichi 1994

Achemwali,

Zikomo, phukusi lafika. Sindinayembekezere kuti mutumiza yeniyeniyo. Pakona pali kachizindikiro ka pensulo ka Mayi, ndakazindikira.

Koma pali vuto. Ndaizunguliza pa mpukutu wanga ndipo nsonga zake sizikukumana. Pakutsala mpata wa zala ziwiri. Kumapeto kwake tsamba lathera pakati, ngati lodulidwa ndi sizasi. Ndayesa kukoka, ndayesa kutembenuza, ayi ndithu. Mayi Ashworth aiyang'ana ndi galasi lawo n'kunena kuti za mipukutu sazidziwa bwino, koma nawonso akuona ngati pali kachidutswa kosowa.

Mwina kanatsalira m'dirowa. Chonde tafufuzani. Masiku akutha, ndipo ndikufunika mamita awiri.

Nilsa

Holyoke, 9 Epulo 1994

Eneida,

Patha pafupifupi mwezi osandiyankha. Ndaimba telefoni kawiri, palibe wonyamula. Ndamva, achemwali, ndamvetsa.

Ndikukumbuka mmene Mayi ankaphimbira mundiyo ndi nsalu akaona mnansi akubwera, kuti asaone patani n'kukaibera. Sindinkadziwa kuti nanenso ndine mnansi. Mukanangonena kuti maluwa a khofi ndi a amene anatsala pakhomo, ndikanamva kuwawa tsiku limodzi n'kuiwala. Koma kunditumizira chinthu mutachidula, kuti ndivutike nacho milungu itatu ndikudziona ngati chitsiru pamaso pa anzanga, chimenecho sindinachiyembekezere.

Kumaliro ndinakupemphani kamtengo kamodzi, munandifunsa kuti ndikachita nako chiyani. Sindinayankhe. Yankho lake ndi ili: ndinkafuna kukagwira m'manja basi.

Mayi anandidulira diresi langa lachikasu chifukwa ndinasokoneza ulusi wawo kamodzi kokha. Inu mwandidulira patani. Ndatopa ndi sizasi za m'nyumba imeneyo.

Patani yanu ndi iyi. Ilumikizeni ndi chidutswa chimene mwasungacho.

Nilsa

Chitini chija ndinali nditataya kale. Ndinatenga envulopu yaitali, n'kupinda patani ya Mayi patatu ngati kalata, n'kuisindikiza ndi chikhatho kuti ilowe. Ndinamva kakuti thee pansi pa dzanja langa, koma mtima unali utatentha, sindinalabadire.

Moca, 25 Epulo 1994

Mlamu wanga wa kuchisanu,

Ndine Efraín. Mukhululuke zolemba zanga, dzanja langa linazolowera pensulo ya pa thabwa. Bondo likupwetekabe, malalanje akubereka, mvula yachuluka. Moni watha, tsopano nkhani.

Mkulu wanu saona. Anandiletsa kukuuzani, koma lero sindimumvera, akandithamangitsa ndidzabwera kudzagona kwanu. Ng'ala inayamba zaka zitatu zapitazo, maso onse awiri. Chaka chatha anasiya kuluka chifukwa sankaonanso timabowo tolasamo mapini. Mukandifunsa ine, tsiku limene anaphimba mundiyo linamupweteka kuposa tsiku la maliro. Kalata yanu yoyamba ndinamuwerengera ndine. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti Nilsa kuluka, ndiye kuti nkhuku ziyamba kusambira. Kuboola patani yatsopano sakanatha, ndipo ine anandikaniza, akuti manja anga ndi a misomali. Ndiye anatenga ya Mayi yeniyeniyo, anazula mapini mopapasa, n'kuichotsa pa mpukutu pamene inakhala zaka makumi anayi. Mizere isanu ija analemba yekha, mphuno ili papepala. Zinamutengera m'mawa wonse.

Pa 10 Malichi tinapita ku Mayagüez kwa mwana wathu wamkazi kuti akamuchite opaleshoni diso lamanja. Tinakhalako milungu isanu chifukwa linatupa. Likuona kuwala ndi nkhope za anthu, koma timabowo ayi. Titabwerera tinapeza makalata anu awiri ali limodzi. Yoyamba ndinawerenga bwinobwino. Yachiwiri ndinayesa kudumpha mizere ina, koma mkazi ameneyu amamva ngakhale pamene munthu wameza malovu. Anati, "Efraín, werenga zonse, usandisankhire." Ndinawerenga zonse.

Tsopano mverani, mlamu, pakuti izi ngakhale ine wa matabwa ndimazidziwa. Patani ya mundiyo sikwana pa mpukutu uliwonse. Woluka amakulunga nsalu pa mpukutu wake, pang'onopang'ono, mpaka nsonga ziwiri za patani zikumane ndendende, theka la tsamba la uku ligwirane ndi theka la uko. Akatero amangoluka akutembenuza, maluwa osatha. Tsamba lija munaliona lathera pakati, theka lake lili kunsonga inayo. Mpukutu wanu wogulawo wanenepa ndi zala ziwiri, nkhani yonse ndi imeneyo. Palibe anadula kanthu. Eneida sanakulembereni zimenezi chifukwa sanaganize kuti mwana wobadwira ku Moca angakhale osazidziwa.

Chimene chandivuta kulemba ndi ichi. Katoni ya zaka makumi anayi ndi youma ngati bisiketi. Yathyoka monse mmene munapinda. Yatuluka mu envulopu zidutswa zitatu, ndipo m'mizere yothyokayo timabowo tanyenyeka, duwa limodzi lonse ndi masamba awiri. Ndinafuna kubisa, koma anatambasula manja, ndinamupatsa. Anaziika pamiyendo n'kumayendetsa chala m'mphepete mothyokamo. Sanalire, sanakutukwaneni. Anangondifunsa ngati nkhuku ndazipatsa chakudya.

Sindikukuweruzani. Ndangoti mudziwe.

Mlamu wanu,
Efraín

Holyoke, 4 Meyi 1994

Achemwali anga,

Alamu, muwawerengere zonse, musadumphe.

Ndalemba kalatayi kanayi n'kung'amba. Palibe mawu okwanira. Munandipatsa chinthu chimene simunapatsepo munthu, ine ndinachithyola ndi dzanja langa, ndiponso ndinakunenani zoipa muli gone ndi bandeji kumaso. Zilembo zanu zikuluzikulu ndinaziyesa ukali. Sindinadzifunse n'komwe chifukwa chake munthu amene ankalemba timalemba tating'ono ngati nyerere wasintha chonchi. Ndinali wotanganidwa ndi bala langa.

Zaka zitatu muli mumdima, ine osadziwa. Mlandu umenewo ndi wanga, chifukwa amene amabwera kwawo sabisiridwa zotere.

Za lesi tiiwale. Ndamuuza Yadira kuti tikagula ya m'sitolo. Mundiyo wanga ndauika pamwamba pa kabati, ndipo Lachiwiri lapitali sindinapite ku laibulale. Sindikupempha kuti mundiyankhe. Ndikungopempha kuti alamu azindiuza za diso lanu.

Nilsa

Moca, 16 Meyi 1994

Iwe Nilsa,

Akulemba ndi Efraín, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akawonjezera zake ndidziwa.

Ndinakwiya, usaganize kuti sindinakwiye. Masiku asanu ndi atatu sindinafune kumva dzina lako. Zidutswa zija ndinaziika pansi pa chithunzi cha Mayi ndipo ndinkawauza kuti onani mwana wanu. Koma mkwiyo wa munthu wosaona ndi wotopetsa, ulibe poyang'ana.

Chimene chinandikhala pamtima si patani ayi. Ndi diresi. Zaka makumi anayi wakhala ukuganiza kuti Mayi anakulanga nalo? Bwanji sunafunse, chitsiru iwe? Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Sabata imeneyo Mayi anali atangomaliza kuboola maluwa a khofi, ndipo mpukutu umene Bambo anawasemera unali wowonda, nsonga za patani zinkapitirirana. Anakulungapo buluku lakale la Bambo, kunatsala pang'ono. Anayesa thumba la ufa, linanenepetsa. Anayesa pitikoti yanga, inachepa. Diresi lako anali atanena kale kuti lakuthina ndipo akusokera lina. Atalikulunga, nsonga zinakumana ngati zinapanganirana. Amene anagwira nsalu iwo akusoka ndine. M'mbali anasokereramo nsalu yakuda kuti maso asamatope, n'chifukwa chake sunalione. Za ulusi umene unasokoneza, madzulo omwewo ankauza Bambo akuseka, akuti kamwanaka kali ndi manja achangu, kakadzakhazika mtima pansi kadzaluka. Anakudikira kuti ubwerenso pampando paja. Sunabwere, ndipo iwo sanali munthu woitana kawiri. Inenso ndinatengera khalidwe lomwelo, si labwino.

Usazitenge ngati chozizwitsa. Mayi sankataya nsalu, ndi zokhazo. Likanakwana thumba la ufa, bwenzi pali thumba la ufa.

Za kamtengo ka kumaliro, ndinafunsa chifukwa ndinkafuna kudziwa choti ndikusankhire, kogwiritsa ntchito kapena kosunga. Unatembenuka n'kuchoka. Ndikanakutsatira. Sindinatero.

Tsopano imva chimene ndakulembera. Lachisanu ndinamuuza Efraín kuti atulutse mpukutu wa Mayi auyeze, mwina akuseme wina wofanana nawo. Atautengera pakhonde ndinamva wangoti zii. Ndinafunsa kuti wafa kodi. (Sindinafe, mlamu, ndinkayang'ana.) Akuti pamene panali katoni, nsalu ikadali yachikasu ngati yatsopano, ndipo patani yonse ili pomwepo. Pini iliyonse imene Mayi analasa inapyola katoni n'kulowa m'diresi lako, pamalo omwewo, kubwereza zaka zonsezi. Ndi chinyezi cha kuno, bowo lililonse lasiya kadontho ka dzimbiri. Akuti maluwa onse akuoneka, ndi lija linanyenyeka lija, ndi masamba ake awiri. Ndapapasa ndekha, ndamva timabowo ngati sefa.

Ndiye patani sinafe. Koma ili pa nsalu yokulungidwa, ndipo nsalu ikangosuntha kapena kumasulidwa, madontho asokonekera, zathera pomwepo. Mpukutu umenewu sulowa m'chitini, supita ku positi, ndipo suchoka m'nyumba muno ine ndili moyo. Pakufunika munthu wa maso akhale pansi ndi pepala lopyapyala, alembe kadontho kalikonse, kenako aboole katoni yatsopano pogwiritsa ntchito zidutswa zitatu zija ndi madonthowo. Ana anga palibe anaphunzira. Efraín akufuna, koma angaboole ngati akukhoma denga. (Bodza.) Akazi oluka alipo ambiri m'tauni muno, ndipo ena akhala akuifuna patani imeneyi kuyambira tili atsikana. Sindiwaitana.

Watsala ndiwe. Unaithyola ndiwe, diresi ndi lako, maso uli nawo.

Ndipo usandiuze za lesi ya m'sitolo. Mamita awiri ndi manja ako aulesiwo sungamalize, ndikudziwa. Koma manja anga saiwala njira, chimene sindiona ndi polasa pini basi. Iwe uzilasa, ine ndiziponya timitengo. Mwana sathawa, ubatizo ungathe kudikira.

Tsitsa mundiyo wako pakabatipo, Lachiwiri upite kwa anzako. Uwauze amayi a mikandawo kuti palibe chosowa.

Mkulu wako,
Eneida

Holyoke, 29 Meyi 1994

Achemwali anga okondedwa, ndi inu alamu olemba,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'khitchini ya kusukulu, nthawi yopuma. Mnzanga wina anandipeza nditakhala pa thumba la mpunga ndipo anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Ndinamuuza kuti ayi, ndapeza diresi langa. Sanamvetse, ndipo sindinathe kumufotokozera.

Mwati ndisazitenge ngati chozizwitsa, ndamva. Komabe mundilole chimodzi. Zaka zonse zimene ndinkaganiza kuti Mayi anandichotsa pa mundiyo wawo, manja awo ankagona pa diresi langa nthawi iliyonse akalukira mdzukulu. Lesi ya Yadira inalukidwa pamenepo. Ndikanafunsa funso limodzi lokha ndili mwana, kapena kumaliro, kapena mu Malichi.

Ndalankhula ndi Yadira ndi mwamuna wake. Avomera kuti ubatizo usunthe, ndipo Yadira ndiye wanena yekha kuti ngati lesi ikulukidwa ku Moca, mwananso akabatizidwe ku Moca, m'tchalitchi chimene tinabatizidwira ife. Adzabwera naye pakati pa Ogasiti. Alamu, chonde kalankhuleni ndi wansembe.

Sukulu ikutsekera pa 15 Juni. Tikiti ndagula. Ndifika pa bwalo la ndege la ku Aguadilla Loweruka pa 18 Juni, 2 koloko masana, ndipo ndikhala miyezi iwiri ngati mundisunga. Mayi Ashworth andipatsa pepala lopyapyala, kasingano koboolera ndi galasi lawo lokulitsa zinthu. Atumizanso mapini osachita dzimbiri, koma ndawauza kuti dzimbiri ndi limene latipulumutsa.

Ndili ndi mantha, achemwali. Sindinakhalepo pampando uja kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndikhoza kusokonezanso.

Mng'ono wanu,
Nilsa

Yankho linafika kutatsala masiku anayi kuti ndinyamuke. Silinali la dzanja la Efraín. Zilembo zinali zikuluzikulu, mizere yokhotera pansi, ndipo nditaiwerenga ndinapeza kuti inalinso isanu.

Moca, 7 Juni 1994

NILSA,
Efraín adzakudikira pa 18, wavala kale chipewa.
Ulusi ndakulunga pa timitengo tonse makumi anayi, zimenezo sizifuna maso.
Ukasokoneza ndidzamasula ndine.
Eneida